Dimba la Pakati pa Mtsinje

M'mudzi monse mwa Kalekeni, kufupi ndi Chinyunyu, munthu mmodzi yekha ndiye sankafuna mvula chaka chimenecho, ndipo munthuyo anali Estina. Musamuyese mfiti ayi. Anzake akamaloza mitambo n'kumasekerera, iye ankangoyang'ana kumbali, chifukwa dimba lake linali pamalo poti munthu wanzeru zake sangabzalepo ngakhale tsabola. Linali pakati penipeni pa mtsinje.

Sanachite kufuna. Chilala cha chaka chathacho chinawotcha chimanga chisanamasule, ndipo chitsime cha m'dimba lawo lakale la kumtunda chinaphwa mpaka pansi kung'ambika. Mwamuna wake, Mordecai, analowamo kuti akumbe mozamirapo, dothi n'kugumuka kumupsinja mwendo. Achipatala ku Mpanshya moyo anaupulumutsa, koma mwendowo sunadzapondenso pansi. Melody, mwana wawo yekhayo, anali kubanja ku Chongwe ndi mavuto akenso. Khasu, kheni yothirira ndi nkhawa zonse zinagwera Estina.

Ndiye anatsikira mumtsinje wouma uja, momwe mchenga ukaufukula pang'ono umatuluka kachinyezi. Anatuta manyowa a mbuzi pamutu, anakonza mabedi, anawokera kabichi. Madzi ankachita kudikirira kuti asonkhane m'kadzenje, n'kumatunga ndi kapu ngati akupatsa wodwala. Kabichiyo, kaya anamumvera chisoni, anakula mokongola moti odutsa ankaima.

Mmodzi mwa oimawo anali ba Oswell, amene amagula ndiwo m'mbali mwa msewu waukulu n'kukagulitsa ku Lusaka ndi kagalimoto kawo. Anapangana kuti kabichi akamanga mitu adzatenga yense, ndipo iwo adzamupatsa Estina mbewu ya chimanga yokwana munda wa kuseri kwa nyumba. Mbewu yakale m'nyumbamo munalibe. Anaikazinga n'kudya njala itafika povuta, ndipo amene sanagonepo ndi njala yekha ndiye angawaseke. Choncho kabichi uja sanali ndiwo chabe. Popanda iye, munda ukanagona chaka chachiwiri.

Novembala atalowa, mitambo inayamba kusonkhana kumapiri madzulo aliwonse. Estina anakawaitana ba Oswell. Iwo anatsika mumchenga, anawerama movutikira chifukwa cha mimba yawo, n'kudinikiza kabichi mmodzi ndi chala. Chala chinalowa.

"Akalibe kukosa, amai," anatero akupukusa mutu. "Ku Lusaka sibagula matepo, masamba chabe aya, bafuna mutu. Lindilani ka wiki olo tubili."

"Ba Oswell, mitamboyo simukuiona? Tengani tere, mundipatseko mbewu ngakhale theka."

"Niiona mitambo. Manje nichite bwanji? Nikanyamula aba, nizabataya pa njila."

Sanali munthu woipa ba Oswell, ankanena zoona, koma zoona zake zinali zowawa. Estina anawaperekeza mpaka pamtunda, n'kubwerera kukathirira.

Lamulungu lake kutchalitchi kunali pemphero lopempha mvula. Anthu anagwada, ena misozi ili mbwee, chifukwa ana m'mudzimo anali atayamba kufiira tsitsi. Estina anagwada nawo. Milomo inkagwedera, koma mumtima ankanena zake: Ambuye, igwireni kaye pang'ono, kabichi wanga amange. Atadzimva akupempha zimenezo pakati pa anthu anjala, manyazi anamugwira mpaka sanathe kukweza maso. Mlamu wake Olipa, mlongo wa Mordecai, anamugunda ndi chigongono.

"Mulamu, ameni wanu sindinamumve."

"Pakhosi pauma," anayankha Estina.

Kunyumba Mordecai ankangokhala pakhonde tsiku lonse, osalankhula zambiri, munthu amene kale nthabwala zake zinkamveka kutsidya. Funso lake linali limodzi basi.

"Amake Melody, kabichi ali bwanji?"

"Watsala pang'ono, atate ake Melody."

Mvula sifunsa za kabichi wa munthu. Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, kumapiri kunada bii, kenako kunagunda kamodzi mwamphamvu. Pamudzi panali pasanagwe ngakhale dontho, koma Estina anakulira m'mbali mwa mitsinje, ankadziwa kuti madzi a kumapiri sachedwa panjira. Anatola mpeni ndi masaka, n'kuuyatsa wa kudimba, chitenje chili m'manja.

Anayamba kudula mosasankha, wolimba ndi wofewa yemwe, n'kumaponya m'saka. Asanamalize bedi loyamba anamva mkokomo. Madzi anatulukira pokhota paja ali ofiira, akukankha thovu, zinyalala ndi tizitsotso patsogolo. Poyamba anangomunyambita m'mapazi, akutentha ndi mchenga. Atawerama n'kuweramuka anali m'mawondo. Manyowa onse amene anasenza miyezi ija anayandama n'kupita. Kabichi anayamba kuzuka yekha, mmodzimmodzi, akugubuduka ndi mizu yake m'mwamba.

"Mayo ine! Mayo ine!" ankakuwa Estina, akuwakhira uku ndi uku. Amene ankawaponya kumtunda ena ankagubudukiranso m'madzi. Nthawi yomweyo mvula inafika pamudzi, yamadontho akuluakulu, ndipo kumtunda kunamveka nthungululu, ana akuimba, wina akumenya chidebe. Mudzi wonse unali pachisangalalo, iye ali m'madzi ofika m'chiuno kulimbirana saka ndi mtsinje.

Akanapita nalo sakalo pakadapanda Olipa, amene anamuona akuthamanga uja n'kumutsatira. Anagona chafufumimba pagombe n'kumugwira bulauzi kumsana.

"Taya saka, mulamu! Ufuna kufera kabichi?"

"Ndisiye! Ndi mbewu yanga iyi, ndisiye!"

"Achimwene adzawasamala ndani? Taya!"

Sanataye mwakufuna kwake. Chitsa chinabwera ndi madzi, chinakola saka n'kulitsomphola m'manja mwake. Olipa anamukokera kumtunda, onse awiri n'kugwera m'matope. Pamene panali dimba panali madzi okhaokha, akuthamanga ngati sipanakhalepo kanthu.

Anatolera zimene zinatsala pagombe n'kuziika m'saka lina. Anali makabichi ochepa osakwana ndi theka la saka, ofewa, ong'ambika, mchenga uli thoo m'masamba. Ba Oswell sakanawayang'ana n'komwe. Estina sanalire. Mantha ndi amene anamugwira, mantha ozizira, poganiza kuti nthaka yanyowa tsopano, mawa aliyense alawirira kumunda, ndipo iye alibe ngakhale njere imodzi yoponya pansi. Olipa naye mbewu yake inali yopempha, yosakwana ndi munda wake womwe, ndiye anangomusenzetsa sakalo.

Mvula inali itayamba kukata pamene Estina anafika pakhomo. Pakhonde panalibe munthu. Anaitana m'nyumba, zii. Kenako anaona mkwasa m'matope, wochokera pakhonde kuzungulira kuseri, ngati pokokedwa thumba lolemera. Anautsatira akuthamanga.

Mordecai anali khale pakati pa munda, matope thupi lonse, mwendo wopuwala uja atautambasula kumbali. M'manja anali ndi kakhasu kakafupi. Anadzikoka chokhala kuchokera m'mphepete, akukumba mapando, ndipo kumbuyo kwake kunali mizere ingapo yowongoka bwino ngati ya munthu wa miyendo iwiri. Nkhope yake inali ikuwala. Chivulalire, Estina anali asanamuonepo akuseka chonchi.

"Amake Melody, mwaiona mvula? Yalowa pansi zedi, gwirani dothi muone! Ine ndayambako. Mukawauze ba Oswell abweretse mbewu msanga, mapandowa asaume."

Estina anatula saka pansi. Sakalo linagwa cham'mbali n'kutseguka kukamwa, kabichi mmodzi wamatope n'kugubudukira pafupi ndi mwendo wa mwamuna wake. Mordecai anamutola, anamufinya, masamba n'kuphwanyika m'manja. Anayang'ana zovala za mkazi wake zonyowa mpaka m'khosi, anayang'ananso mizere yake ija.

Anaika kakhasu pambali, n'kuyamba kukwirira ndi dzanja phando limene anali atangokumba, mulibe kanthu.