Zipsera za a Lawford

A Lawford adagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ya ku Area 47 kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ochita lendi ankabwera n'kumapita, koma aliyense wolowa ankawapeza pomwepo n'kupitiriza nawo. Ankagona m'kanyumba ka kuseri. Kwawo kwa Kabudula nyumba yawo idagwa akazi awo atamwalira, choncho kuchotsedwa ntchito kukadakhalanso kuchotsedwa pogona, pa msinkhu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zisanu ndi zitatu.

Nkhope yawo idali ndi timaenje tosawerengeka pamphumi, m'masaya ndi pamphuno, ndipo diso lakumanzere lidali loyera, losaona. Pogwira ntchito ankavala chipewa chachikulu cha mlaza.

Chaka chimene mawailesi ankachenjeza za matenda a mpox, m'nyumbamo mudalowa a Levison, ogwira ntchito ku Capital Hill. Akazi awo, mayi Consolata, adabwera patapita sabata ndi khanda la miyezi isanu ndi itatu, amuna awo atapita kale pa ulendo wa ntchito kumpoto. Lolemba m'mawa mayiwo adatuluka pakhonde mwana ali m'manja. A Lawford adasiya paipi, nayandikira, navula chipewa monga mwa ulemu.

"Mwadzuka bwanji, madamu? Takulandirani. Kodi bwana wamng'onoyu dzina ndani?"

Adatambasula chala kuti mwana achigwire. Mayi Consolata adabwerera m'mbuyo mpaka msana udagunda chitseko.

"Musamukhudze. Chakutulukani kumasoko n'chiyani?"

"Ndi zipsera za nthomba, madamu. N'zakale kwambiri."

"Nthomba ndiye chiyani? Katsabola? Katsabola sachita chonchi. Ine ndaziona zithunzi pa foni, ndi mpox ameneyu."

Adalowa, natseka chitseko. Posakhalitsa padatuluka Eveless, wogwira ntchito za m'nyumba, ataphimba pakamwa ndi chitenje, maso ali pansi.

"Agogo, akuti muchoke pampanda pano lero lomwe. Akuti mukabwere ndi kalata ya kuchipatala pofika Lachisanu. Ikapanda kubwera, apeza munthu wina."

"Iwenso ukundiopa, Eveless? Si iwe wakhala ukumwa nane tiyi sabata yonseyi?"

"Ine ndangotumidwa, agogo."

Tisafulumire kuwaweruza mayi Consolata. Adali munthu wophunzira, wosaphonya tsiku la sikelo, ndipo mantha a mayi pa mwana wake si tchimo. Cholakwa chawo chidali chimene ambiri a ife tili nacho: tidabadwa nkhondo yolimbana ndi nthomba itatha, ndipo sitidafunse kuti adaimenya ndani. Mtundu umene waiwala dzina la mliri umene udaupha uli pangozi yoposa imene ukudziwa, pakuti umaopa chipsera chouma n'kumanyoza jakisoni amene adautchinjiriza.

A Lawford adamanga bulangete ndi malaya awiri, nakapempha malo kwa mnzawo wa kumpingo ku Mtandire. Lachiwiri adazengereza. Chiyambire ubwana wawo sadakonde kuti munthu awayang'anitsitse kumaso, ndipo kuchipatala ndiko kumene amayang'anitsitsa. Lachitatu adakwera minibasi kupita ku chipatala china cha ku Old Town. Pamzere anthu adasiya mpata mbali zonse ziwiri za benchi, ndipo mlonda adawatenga n'kuwaika okha pansi pa mtengo.

Adawaona dokotala wachinyamata dzina lake Vitu, atavala magolovesi awiri awiri ndi masiki. Adawayeza kutentha kwa thupi, adawagwira m'khosi, adawavula malaya.

"Mutu ukupweteka, bambo? Mwatenthako thupi masiku ano? Zimayabwa?"

"Ayi. Zidasiya kuyabwa bambo anu asanabadwe."

"Nanga mwabwereranji?"

"Ndikufuna kalata yonena kuti sindikudwala. Apo ayi ntchito yatha."

Vitu adazungulira mpando, nayang'ananso. Zilonda panalibe, matuza panalibe, koma sadafune kusaina chinthu chimene sadachimvetse. Adasuzumira pakhomo n'kuitana namwino wamkulu, mayi Tabitha, amene adatsala ndi miyezi yochepa kuti apume pa ntchito.

Mayi Tabitha adalowa akupukuta m'manja. Atangoona nkhopeyo adaima, kenaka adakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Vula magolovesiwo, Vitu, ukuwononga katundu wa boma. Zaka zonse zija kusukulu, sudaione nthomba ngakhale m'buku?"

"Tidaiphunzira tsiku limodzi, sisitala. Adati idatha padziko lonse mu 1980, sibwera pa mayeso."

"Ndiye yakubwerera pa mayeso lero." Adapinda dzanja la yunifolomu, naonetsa chipsera chozungulira, chachikulu ngati ndalama yachitsulo, pamwamba pa mkono. "Ichi ndi chimene chidandipulumutsa ine. Bambo, inu katemerayu adakuphonyani bwanji? Ankayenda mudzi ndi mudzi anthu aja."

A Lawford adapotokola chipewa m'manja. Nkhaniyi sadaifotokozepo kwa bwana aliyense, ngakhale kwa ana awo omwe.

"Sadatiphonye, mayi. Adafika m'mudzi mwathu pa njinga, anthu atatu ndi bokosi. Bambo anga adamva kumowa kuti mwana akatemeredwa sadzabereka. Ndiye adatitenga ine ndi mlongo wanga Elube n'kutibisa m'chigafa, kuseri kwa fodya. Amayi adatipatsa mtedza wokazinga kuti tisalire. Tinkamva anzathu akulira pabwalo, ife n'kumaseka kuti tapulumuka."

"Mudali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri. Elube zinayi. Chilimwe chotsatira nthomba idalowa. Adatimangira msasa kunja kwa mudzi, chakudya ankasiya patali. Ana a kwa amalume, amene adatemeredwa aja, ankadutsa ndi mbuzi n'kumatiitana mayina, iwo osadwala ngakhale chimfine. Elube adatha masiku khumi ndi awiri. Pa maliro ake sipadasonkhane anthu. Ine ndidatuluka ndi nkhope iyi ndi diso limodzi."

"Nanga bambo anu?"

"Adakhala zaka zina makumi atatu. Ankandikonda, koma polankhula nane ankayang'ana kumapazi kwanga."

Wowerenga azindikire kuti bambo ameneyu sadali munthu woipa. Adabisa ana ake chifukwa chowakonda, ndipo chikondi chomvera mphekesera chimakumba manda mofanana ndi chidani. Lero chigafa chija chidasanduka foni ya m'thumba, ndipo alipo makolo a madigiri amene akubisamo ana awo.

Vitu adavula magolovesi. Adalemba kalata pang'onopang'ono, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, kuti zipserazo n'za nthomba ya zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo, ndipo sizingapatsire munthu aliyense. Adadinda chidindo, napereka ndi manja awiri.

"Akakakana, bambo, muwapatse nambala ili pansipa. Ndilankhula nawo ndekha."

"Uyambe wawerenganso buku lija usanalankhule nawo," adatero mayi Tabitha.

Lachinayi masana a Lawford adagogoda pageti. Eveless adalandira kalata pa kazenera ka geti n'kupita nayo m'nyumba. A Lawford adadikira nthawi yaitali padzuwa. Kudzera pa kazenerako ankaona mbande za tomato zitagona m'mabedi, ndipo m'mphepete mwa khonde mudali mnyamata wachilendo akusesa masamba. Apo adadziwa kuti Lachisanu silidadikiridwe.

Mayi Consolata adabwera okha, kalata ili m'manja, mwana ali kumsana. Adatsekula geti lonse.

"Ndaimba nambala ija," adatero. "Ndalankhula ndi adokotala, kenaka namwino wina adalanda foni. Wandikalipira ngati mwana wa sitandade wanu."

"Pepani, madamu."

"Opepesa ndine. Bwanji simunandifotokozere?"

"Ndinanena dzina la matendawo, madamu. Simunalidziwe. Ndipo n'chinthu chabwino kuti simulidziwa."

Mayiwo adayang'ana kalata, nayang'ana mnyamata wosesa uja.

"Uyu ndinamutenga wa ganyu, ndinamuuza kuti mwina akhazikika. Ndilankhula naye, ndimulipira sabata yonse. Kiyi wa kanyumba kanu ali ndi Eveless. Tinathiramo mankhwala, mutsekule mawindo kaye."

"Zikomo, madamu."

A Lawford adanyamula mtolo wawo, nalowa. Atayenda pang'ono mayiwo adawaitananso, mawu atatsika.

"Namwino uja wandiuza kuti munali awiri."

"Eya, tinali awiri."

"Ndaimbira amayi anga kuwafunsa za matendawa. Akuti iwonso kwawo adataya achimwene awo. Zaka zonsezi sadandiuzepo, ndipo chipsera cha pamkono pawo ndinkayesa kuti adapsa ndi moto. Akubwera Loweruka. Akuti akufuna adzakuoneni, ngati simukana."

A Lawford adaganiza kanthawi. Kuyang'anitsitsidwa kawiri m'sabata imodzi kudawachulukira.

"Abwere," adatero. "Koma adzandipeze kudimba. Tomato uyu akapanda kumwa madzi lero ndi mawa, sadzukanso."