Lachinayi la Achimwene Dixon

Galimoto itangotuluka m'dera la Speedway n'kuloza njira ya ku South Bend, Vainess anayambitsanso nkhani ija. Ankachokera ku mapemphero a Amalawi ku Indianapolis, koma mtendere anali atausiya pakhomo la tchalitchi.

"Achimwene, mawa ndiye tsiku lomaliza. Tiswopa masiku a labu aja kapena ayi?"

Dixon, amene ankayendetsa, anangokweza wailesi. Mkazi wake Pamela anayang'ana panja ngati minda ya chimanga yokololedwa waiona lero.

Vainess ndi Dixon ankachita maphunziro apamwamba pa yunivesite ina ku South Bend, ndipo onse ankathandizira pulofesa mmodzi kuphunzitsa ana a chaka choyamba mu labu. Ntchito imeneyo ndiyo inkawalipirira sukulu. Semesita ino Dixon, monga mkhalakale, anasankha kaye, natenga labu ya Lachiwiri. Vainess anatsala ndi ya Lachinayi masana, nthawi yomwenso ankafunika m'kalasi pa chipatala china ku Indianapolis. Kosi imeneyo sinali yosankha, ndipo inkaphunzitsidwa kamodzi pachaka. Akaidumpha, thandizo lake litha asanamalize sukulu. Akasiya labu, fizi palibe, viza nayo yapita. Pulofesa anangosamba m'manja, nati awiriwo agwirizane okha.

"Achimwene, ndikuyankhula ndi inu."

"Ndakumva kalekale," anatero Dixon. "Lachinayi ndimakhala bize. Iwe ingodropa kosiyo, udzaitenga chaka chamawa. Ukuthamangira chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Chaka chamawa adzandilipirire ndani? Inuyo?"

"Tamumva mwana uyu, Pamela! Ndinakamupika ndekha ku eyapoti akunjenjemera, jekete alibe. Tinamuhosta miyezi yonse ija, osalipira kanthu. Lero wadziwa pokwerera basi, wayamba kundifunsa ngati wapolisi."

"Vainess, iwenso uzidziwa poyankhulira," anatero Pamela osacheuka. "Awa ndi akuluakulu."

Mawu amenewo anamuwawa Vainess mpaka m'mafupa. Zoona anamusunga, ndipo anathokoza mpaka pakamwa kuuma. Koma ana awo ankawalera ndani makolo ali kuntchito? Mbale ankatsuka ndani? Zachifundo zina zimakhala ngati chingwe cha mbuzi: udya msipu, koma pokhapo pamene akumangirira.

"Ndagwada, ndapempha, ndatumiza ngakhale abusa," anatero Vainess mwaukali. "Tsopano ndiuzeni chilungamo. Bize yanu ya Lachinayi ndi yotani?"

"Sizikukukhudza."

"Ndiye ndikuuzeni ine. Lachinayi mumagwira shifiti kunyumba yosamalira okalamba ija, pa dzina la msuweni wanu Kingsley. Yunifomu yanu ndinkachapa ndine, baji ndinkachotsa m'thumba ndi manja angawa. Viza yathu ya sukulu silola ganyu yakunja, inu mukudziwa."

Galimoto inapepeluka pang'ono, lole ya kumbuyo n'kuimba hutala. Dixon anazimitsa wailesi.

"Ukufuna kunena chiyani?"

"Mawa pulofesa akandifunsa chifukwa chake mwakana, sindinama. Ndangochokera kutchalitchi."

Apa Pamela anatembenuka thupi lonse, maso ali psu.

"Mfiti iwe! Ukufuna ukatiripote? Shifiti imeneyo ndiyo ikudyetsa ana aja umati ndi ako omwe. Wadya m'mbale yathu, lero ukuiponda?"

"Alamu, inu mukuteteza ana anu. Ine anditeteze ndani? Ndibwerere ku Mzimba chimanjamanja kuti achimwene asasunthe tsiku limodzi?"

"Ukayenda siya phazi, mtsikana," anatero Dixon motsitsa mawu. "Ukasiya mlomo, ukutsata."

"Unditsate. Bola unditsate ndili ndi digiri."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Dixon anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri kuchokera pamenepo mpaka ku South Bend. Vainess anatsamira mpando wa kumbuyo. Ankadziwa yekha kuti sakanapita kukawaneneza, koma sanafune kuti iwo adziwe zimenezo. Anamutsitsa pakona, osati pakhomo monga mwa masiku onse.

M'mawa mwake pulofesa anamuimitsa Vainess pakhonde, nkhope ili mwee. Anati Dixon wabwera yekha kudzapempha labu ya Lachinayi, munthu wabwino bwanji, dipatimenti ikanakhala ndi ambiri otere. Vainess anangogwedeza mutu. Kosi yake inapulumuka, viza yakenso. Ankayembekezera kuti asangalala, koma chimwemwe sichinabwere.

Vainess anamupeza Dixon mu ofesi yawo ya othandizira aphunzitsi, akuchonga mapepala a ana. Maso ake anali otupa. Munalibe wina aliyense. Vainess anaima pakhomo, nagwira chikwama ndi manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Ndamva zimene mwachita. Zikomo kwambiri. Za dzulo zija..."

Dixon anadzutsa mutu, namwetulira kumwetulira kuja ankasungira azungu a mu dipatimenti. Anamuyankha m'Chingerezi chosalala kuti palibe vuto, ndi gawo la ntchito, ndipo ngati pali china chokhudza labu amulembere imelo.

Vainess anayesanso m'Chichewa, nafunsa za ana. Yankho linabwera m'Chingerezi, lalifupi ndi laulemu. M'nyumba yonse yaikuluyo, munthu mmodzi yekha ndiye ankayankhula chinenero chake, ndipo munthuyo anaweramiranso pa mapepala ake.