Dzina Lomaliza pa Mndandanda wa Boti Lachitatu

Tayerekezani kuti ndinu mkulu wa asilikali. Muli m'boti lachitsulo pamodzi ndi amuna makumi atatu. Kutsogolo kwanu kuli gombe limene adani akulilondera ndi mfuti, ndipo posachedwa chitseko cha botilo chigwera m'madzi. Munthu mmodzi ayenera kuyamba kutsika. Mungatsogoze yani? Wamphamvu kodi, wolimba mtima, kapena amene mumadana naye?

Bambo anga ankati iwo ndi amene anatsogozedwa, koma pabanja pathu panalibe wowakhulupirira. Anali aafupi zedi. Ine ndinawapitirira msinkhu ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pofuna kutsitsa chipewa chawo pamsomali wa kuseri kwa chitseko ankakwera pa kampando. Atabwerako kunkhondo anayamba kusoka nsapato. Akamayenda mumsewu ankakweza chibwano m'mwamba, anthu n'kumati, "Kamunthu kochepa koma kunyada kwakeko!" Nkhani ya nkhondo sankaitalikitsa. Ankangoti, "Tsiku lokocheza pagombe lija, m'boti lathu ndinayamba ndine kutsika." Tikafunsa chifukwa chake, ankaluma ulusi n'kunena kuti, "Kafunseni amene anandituma."

Ine ndinadzakhala namwino. Bambo atadwala matenda awo omaliza anagonekedwa m'chipatala chimene ndinkagwirako ntchito. Tsiku lina anayamba kuuza dokotala wachinyamata nkhani yawo ija, ndipo ine, pochita manyazi pamaso pa anzanga, ndinati, "Musawamvere adokotala, ndi nthano zawo za masiku onse." Bambo anandiyang'ana, kenaka anatembenukira kukhoma. Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka anamwalira patapita sabata imodzi. Mawu anga aja akhala akundilasa kwa zaka zambiri, ngakhale kuti sindinkadziwa ngati ndinalakwa kapena ndinanena zoona.

Chaka chatha, ine nditapuma kale pantchito, tinalandira kalata yochokera ku bungwe la anthu okonda mbiri ya nkhondo. Ankakonza kabuku konena za kukocheza kwa asilikali pagombe lija, ndipo ankaitana abale kuti adzaone ngati mayina alembedwa bwino kabukuko kasanapite kosindikiza Lolemba. M'kalatamo anaikamo tsamba lokhudza bambo. Panalembedwa kuti: boti lachitatu, nambala 30, anatsika pomaliza.

"Waona, mlongo?" anatero achimwene anga nditawaonetsa. "Mdala ankangotembenuza nkhani ngati malaya. Ukapita kumeneko ukachita manyazi."

"Ndiye tiyeni tikachitire limodzi manyaziwo," ndinatero.

Bungweli limakumana Loweruka masana m'chipinda cha pamwamba pa laibulale. Pakati pa chipindacho pali tebulo lalikulu lokhala ndi mpanda wa matabwa, theka lake lodzaza mchenga, theka linalo lofunditsidwa nsalu yabuluu. Pansaluyo anandandalikapo timabokosi ta machesi, ndiwo maboti. Pamchenga anabayapo mapini, pini iliyonse ndi msilikali, ndipo kapepala ka dzina lake kanamatidwa kumutu kwake. Pini ya bambo ndinaipeza kumbuyo kwenikweni, pamene mchenga ukukumana ndi nsalu.

Titangokhala pansi ndinaona kuti anthuwo agawikana pawiri. Mbali ya mchenga kunakhala amene amadzitcha a pamtunda, otsogozedwa ndi wapampando wa bungwelo, bambo wamtali amene onse amangomuti Aphunzitsi. Mbali ya nsalu kunakhala a pamadzi, ndipo mkulu wawo anali wokonza mawotchi wina amene amamuti Kaputeni, ngakhale kuti sanakwerepo sitima chibadwire. Gulu lililonse linali ndi kabati yakeyake kukhoma, yokhoma ndi loko. Mayi amene anakhala pafupi nane anandinong'oneza kuti zaka khumi ndi chimodzi zapitazo akuluakulu awiriwa anakangana pa funso lakuti anapambanitsa nkhondoyo ndani, oyendetsa maboti kapena oyenda pansi. Kuyambira pamenepo salola kuwerengerana mapepala.

Aphunzitsi anatsegula msonkhano ndi lamulo la bungwe, onse n'kuvomera pamodzi ngati ana a sukulu: "Popanda pepala, palibe nkhani." Kenaka anafotokoza za m'mawa wa tsikulo, akuloza ndi ndodo yaitali. Asilikali anakwera maboti pagombe la tsidya lina, n'kuwoloka kwa maola anayi mafunde akuwakhapa. Anafotokoza bwino, moti ndinayamba kumva fungo la mafuta ndi masanzi. Atafika pa boti lachitatu ndinaimika mkono.

"Pepani Aphunzitsi. Nambala 30 ndi bambo anga. Iwo ankati anayamba ndiwo kutsika."

Aphunzitsi anavula magalasi, n'kundiyankha mwaulemu ngati munthu amene wayankhapo funso lotere kambirimbiri.

"Mayi, pano pabwera mabanja ambiri, ndipo banja lililonse bambo ake ndi amene anatsika koyamba. Tikanati tiziwamvera onse, botilo likanafika pagombe mulibe wachiwiri."

Anthu anaseka, achimwene n'kundigunda ndi chigongono. Aphunzitsi anatsegula fayilo n'kundipatsa pepala lojambulidwa kuchokera ku lakale. Panali mayina makumi atatu, lililonse ndi nambala yake komanso msinkhu wa mwini wake. Woyamba anali wamtali pa onse, ndipo misinkhu inkatsikatsika mpaka pa dzina la bambo, pansi penipeni.

"Mwaona? Anawafoletsa motsata msinkhu, ataliatali patsogolo. N'zomveka, chifukwa wamtali saopa madzi. Bambo anu anachita mbali yawo, mayi, ndipo kutsika pomaliza si chinthu chochititsa manyazi."

Ndinabweza pepalalo. Chodabwitsa n'chakuti mumtima munalowa kampumulo koipa: ngati bambo ankanama, ndiye kuti ine sindinalakwe m'chipatala muja. Ndinadzida chifukwa cha maganizo amenewo.

Kumapeto kwa tebulo, pamene mchenga ndi nsalu zimakumana, kunakhala bambo wina wonenepa amene sanali wa gulu lililonse. Anali atayendetsa malole zaka makumi atatu, ndipo analowa bungwelo chaka chomwecho. Anapempha kuti aone nawo pepalalo, naliyang'ana nthawi yaitali akuyendetsa chala pamwamba pake.

"Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali, mundikhululukire. Pamutu apa alemba kuti dongosolo lokwerera boti. Nanga dongosolo lotsikira lili kuti?"

"Ndi lomwelo, Adalaivala. Wokwera koyamba ndiye mtsogoleri."

"Botilo linali ndi makomo angati?"

Za maboti sizinali za mbali ya Aphunzitsi. Onse anatembenukira kwa Kaputeni, amene ankapukuta galasi lake laling'ono loonera mawotchi.

"Limodzi," anatero Kaputeni, osayang'ana Aphunzitsi. "Kutsogolo. Limagwa pansi ngati mlatho. Polowa ndi pomwepo, potuluka ndi pomwepo. M'kati mopanikizana moti munthu sangadutse mnzake ali ndi katundu kumsana."

"Basitu," anatero Adalaivala. "Ine lole yanga inalinso ndi khomo limodzi. Thumba limene ndikatsitse koyamba ndinkalikweza pomaliza. Ukalakwitsa zimenezo umatsitsa lole yonse pamsewu, anthu akukuseka."

"Asilikali si matumba a simenti, bambo."

"Pakhomo lopapatiza ndi matumba ndithu, Aphunzitsi. Tiyeni tiyese, choko chilipo."

Asanaloledwe n'komwe anasuntha mipando, najambula pansi bokosi lalitali lopapatiza, mbali imodzi n'kulembapo kuti khomo. Anthu anadzuka akuseka, ena akudandaula za mawondo. Tinalipo khumi ndi anayi okha, koma Adalaivala anatifoletsa motsata msinkhu. Aphunzitsi, poti ndiwo anali aatali pa tonse, analowa koyamba n'kupita mpaka kumapeto, kufupi ndi zenera. Ena anatsatira mmodzimmodzi. Achimwene analowa chapakati akung'ung'udza kuti anabwera kudzaona mayina, osati kudzalembedwa usilikali atakalamba. Ine ndinatengera msinkhu wa bambo pang'ono, choncho ndinalowa pomaliza.

"Tembenukani nonse, muyang'ane kugombe," analamula Adalaivala.

Tinatembenuka. Kutsogolo kwanga kunalibe munthu. Zala za mapazi anga zinali pamzere wa choko, ndipo kumsana ndinkamva mpweya wa anthu khumi ndi atatu. Kuseka kuja kunatha. Ndinayang'ana pansi poyera paja patsogolo panga ngati pali madzi enieni.

"Aphunzitsi, tatsikani koyamba tione," anatero Adalaivala.

Kuchokera kumbuyo kunamveka mawu a Aphunzitsi, otsika kusiyana ndi poyamba. "Ndaona. Koma choko si pepala. Ndipo tandiuzani, ndi mkulu wa asilikali uti wamisala amene angaike munthu wochepetsetsa pakhomo? Popanda chifukwa cholembedwa, kabuku sikasintha."

"Mwina ankafuna kuti zipolopolo zizidutsa pamwamba pake," anatero achimwene. Anafuna kuseketsa anthu, koma mawu awo anatuluka osweka ndipo palibe anaseka.

Kaputeni anatuluka mumzere mwakachetechete. Anapita pakabati ya a pamadzi, natulutsa kiyi amene anamangirira ku tcheni cha wotchi yake. Anafufuza kwa kanthawi, kenaka anabwera ndi fayilo yobiriwira yothothoka m'mphepete. Anaima pambali pa tebulo akuzengereza, ndipo anthu a mbali yake ankamuyang'ana ngati akufuna kugulitsa munda wa makolo. Pomaliza anazungulira tebulo n'kuika fayiloyo pamchenga, kutsogolo kwa mpando wa Aphunzitsi.

"Malangizo a oyendetsa maboti, ndi lipoti la amene anayendetsa boti lachitatu," anatero. "Ndawerengapo tsamba ili kosawerengeka. Mulibe mayina, ndiye sindinkadziwa kuti akunena yani. Mayina anali m'kabati yanu."

"Ndipo inu simunapemphe," anatero Aphunzitsi.

"Inunso simunapemphe, akulu."

Aphunzitsi anavala magalasi, nakhala pansi n'kuwerenga chamumtima. Anabwerezanso kachiwiri. Kenaka anatenga pepala la mayina lija n'kuliika pambali pa tsamba la Kaputeni, mapepala awiriwo n'kugundana m'mphepete.

Anatulutsa cholembera chofiira m'thumba la malaya, natsegula kabuku koyembekeza kusindikizidwa kaja, n'kukhwatcha liwu lakuti pomaliza. Pamwamba pake analemba kuti koyamba, m'zilembo zoongoka za mphunzitsi. Atatero anaimirira, nazula pini ya bambo kumbuyo kuja n'kundipatsa.

"Mayi, ibayeni nokha. Patsogolo pa onse a boti lachitatu. Mundikhululukire chifukwa cha kuseka kuja. Ndipo Kaputeni, maboti ena onsewa tiyenera kuwayang'ananso. Tawatsitsa chammbuyo kwa zaka khumi ndi chimodzi."

"Lolemba kabuku sikapita," anatero Kaputeni.

"Sikapita."

Ndinaibaya piniyo pamchenga. Kampumulo koipa kaja kanali katachoka, ndipo m'malo mwake munabwera chisoni chenicheni, chimene ndinali ndisanachimve ngakhale pamaliro. Ndinakumbukira msana wa bambo atatembenukira kukhoma, ndi mmene ndinawakonzera bulangete osanena kanthu. Ndikanangowafunsa kamodzi mofatsa, osati moseka, mwina akanandiuza.

Achimwene anafika pambali panga, chipewa chili m'manja.

"Koma chifukwa chiyani, Aphunzitsi? Mdala ankati tikafunse amene anamutuma."

"Amene anawatuma wayankha apa," anatero Aphunzitsi, natipatsa tsamba la Kaputeni.

Achimwene anali ataiwala magalasi kunyumba, choncho ndinawerenga ndine mokweza. Malangizowo ankati maboti sadzatha kufika pamchenga weniweni chifukwa cha miyala, ndipo palibe amene ankadziwa kuya kwa madzi pamalo pamene adzaime. Munthu wonyamula mfuti, zipolopolo ndi chikwama akamira, sayandamanso. Pansi pake panali lipoti la woyendetsa boti lachitatu, mizere itatu yokha: chitseko chinagwa, woyamba anatsika yekha, madzi anamulekeza m'chibwano, ndipo anayenda mapazi makumi awiri atakweza mutu ena onse akumuyang'ana, wachiwiri asanatsike.

Mkulu wa asilikali uja anatsogoza munthu wamfupi pa onse kuti ayezere kuya kwa madzi. Mutu wa bambo utaoneka pamwamba, amuna makumi awiri ndi asanu ndi anayi anadziwa kuti samira.