Njira Yachikasu Inathera Pakati

Ntchito yanga ndi yopaka penti pamitengo ndi pamiyala. Musaseke, ndi ntchito ndithu. Kumtunda kwa tauni yathu kuli nkhalango yotetezedwa, ndipo muli tinjira titatu ta anthu ofuna kuwongola miyendo: kofiira, kobiriwira ndi kachikasu. Ine ndimayenda ndi kachidebe ndi burashi, kudinda kadontho apa ndi apo kuti woyenda adziwe kolowera. Zaka khumi ndi ziwiri pantchito imeneyi, munthu amene anasochera chifukwa cha ine ndi mmodzi yekha, bambo anga ondibereka.

Bambo anali atayamba kuiwala. Ankakhala ndi mlongo wanga pafupi ndi geti la nkhalangoyo. Ife ana awo sankatidziwanso. Ine ankanditcha aphunzitsi, kaya chifukwa cha magalasiwa, ndipo supuni ankasunga mu nsapato. Koma njira yachikasu, ayi, imeneyo sankaphonya. M'mawa uliwonse, mlongo wanga akapita kuntchito yake yochapa zovala kuchipatala, iwo ankavala jekete n'kulowa pageti. Akafika pakadontho ankakagwira ndi chikhato, n'kuyang'ana kotsatira. Njirayo imazungulira phiri n'kudzatulukira kuseri kwa nyumba yawo, ndiye pakatha maola awiri ankapezeka ali pampando wawo akumwa tiyi wa mu fulasiki. Adokotala anati tiwasiye, kuyendako n'kumene kukuwasunga.

Lachisanu lina akapitawo anandiitana. Mvula inali itagumula dothi kutsetsereko, ndipo njira yachikasu inayenera kutsekedwa mpaka udzu utamera.

“Mufufute madontho onse ndi penti yotuwa,” anatero akapitawo. “Chikwangwani chibwera Lolemba.”

Pantchito yathu pali lamulo limodzi loti ngakhale wobwera dzulo amalidziwa: potseka njira umayambira polowera. Ukafufuta madontho oyambirira, palibe amalowa. Ndine ndemwe ndimaphunzitsa anzanga zimenezi. Koma penti yotuwayo inali mu kashedi kakumapeto kwa njira, bondo linkandiwawa, kunja kukuzizira, ndiye ndinati aa, ndizungulirenji mpaka kugeti ndi chidebe chodzadza? Ndinayambira kotulukira, kumabwerera cham'mbuyo. Nditafika pakati penipeni, burashi inayamba kukanda pansi pa chidebe. Akapitawo anali atachoka kale ndi kiyi wa chipinda chosungiramo penti.

Bambo ndinawakumbukira, ndisaname. Ndinati ndikamuuza mlongo wanga kuti mawa awatsekere m'nyumba. Ndinafika mpaka pampanda pake, wailesi ndikuimva. Koma mkazi ameneyu anali atandivutitsa mwezi wathunthu za lata lodontha, ndipo ndinadziwa kuti ndikangolowa andipatsa makwerero. Ndinati ndimuimbira foni ndikafika kwathu. Kwathu ndinafika, ndinasamba, ndinadya. Sindinaimbe.

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza, kozizira kolowa m'mafupa. Foni inalira cha m'ma 2 koloko masana.

“Achimwene, bambo kulibe,” anatero mlongo wanga. “Ndangofika kumene. Tiyi wawo ali pomwe ndinamusiya, jekete palibe.”

Ndinathamanga ndi bondo langa lomwelo. Pageti ndinapeza anthu ataunjikana, wina akuti tikayambe kumtsinje, wina akuti mwina akwera minibasi. Ine ndinawadutsa onsewo. Ndinangolowa, kumatsata madontho anga omwe, owala bwino chifukwa ndinali nditawapakanso mwezi wapitawo.

Ndinawapeza pamtengo wokhota pomwe penti inandithera. Anali chiimire, chikhato chili pakadontho komaliza. Pansi pozungulira mtengowo panali popondedwapondedwa ngati m'khola. Mapazi ankaonetsa zonse: ankapita kutsogolo pang'ono, osapeza kadontho, n'kubwerera kudzagwira mtengo. Kupitanso, kubwereranso. Kutembenuka n'kubwerera kugeti sankakudziwa, chifukwa njira imeneyi ankaidziwa mopita kumodzi. Maola asanu ndi atatu, Mulungu wanga! Jekete inali itanyowa yonse, milomo itatuwa, akunjenjemera mpaka mano kugundana.

“Bambo, ndine. Tiyeni kunyumba.”

Anandiyang'ana magalasi, kenako ovolosi yanga ya madontho a penti.

“Ndinu a m'nkhalango muno?” anafunsa mwaulemu. “Pepani, achimwene, njira yatha. Muwauze akuluakulu atumize mwana wanga. Amagwira ntchito konkuno. Ameneyo sasiyira ntchito panjira.”

Ndinawabereka kumsana. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Njira yonse yobwerera ankatambasula dzanja kufuna kugwira kadontho kalikonse, ine n'kumaima kuti agwire. Ndinkalira, koma ndi mvulayo palibe akanadziwa.

Kuchipatala anati ndi chibayo. Anawagoneka pabedi lapakona, pafupi ndi zenera losweka lomwe anatsekapo katoni. Lolemba chikwangwani chinabwera, chachikulu, cha zilembo zofiira, ndipo ndinachikhoma ndekha pageti. Akapitawo anandipatsa chidebe chatsopano osafunsa kanthu. Iwo m'nkhalango salowa, nsapato zawo sizigwirizana ndi matope. Ndinamaliza kufufuta tsiku lomwelo, kuyambira polowera monga mwa lamulo, ndipo pofika madzulo panalibenso chosonyeza pomwe ndinalekezera Lachisanu. Bambo anamwalira Lachitatu m'mawa.

Maliro atatha, anthu atabalalika, tinatsala awiri kukhitchini tikutsuka makapu obwereka. Mlongo wanga akudziimba mlandu mpaka lero. Akuti anawona mvula, akanawatsekera, kapena akanajomba kuntchito. Akuti ubongo wa bambo unangofika pothera tsiku limenelo iye kulibe. Ine ndinkangopukuta kapu imodzimodziyo.

“Koma inu, achimwene, Mulungu akudalitseni,” anatero akupukuta maso ndi mkono. “Pakadapanda inu akanafera kutchire ngati galu. Anthu onse aja akuti kumtsinje, inu molunjika. Munadziwa bwanji pomwe anali?”

Ndinayang'ana beseni lomwe anatchera pansi pa lata lodontha lija, madzi atafika pakati.

“Nkhalangoyi ndimaidziwa, achemwali,” ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kundipatsa kapu ina.