Phini m'Chidendene cha Telala

"Vula nsapato," ndinatero.

Mlongo wanga telala anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Tinali pabenchi kuchipatala chaulere, tsiku la phunziro la odwala shuga, ndipo anamwino anali atauza aliyense kuti avule. Onse anavula. Iye yekha phazi lakumanzere analibisa kunsi kwa benchi.

"Achemwali, ine ndabwerera mapiritsi. Zophunzirazi ndi za anthu osowa chochita. Kushopu ndasiya diresi la ukwati."

Ndi mmene amachitira, kufika phunziro litatha, kutenga mankhwala, ulendo. Tsiku limenelo ndinachita kumukoka, chifukwa dzulo lake ndinaona madontho ofiirira pamene amapondera makina.

Anamwino anafika, nagwada, namuvula okha. Sokosi inali itamatirira. Ataikoka, fungo linatuluka, mayi amene anali pambali pathu anasendera uko.

"Bambo, tsinzinani. Ndikakukhudzani ndi kawayaka munene kuti eya."

"Eya," anatero mlongo wanga msangamsanga.

Kawaya kanali kasanafike n'komwe.

"Atelala amamva ndi za mawa zomwe!" wina anatero kumbuyo. Anthu anaseka. Anamwino sanaseke. Anamukhudza chala chachikulu, zii. Pakati pa phazi, zii. Atatembenuza chidendene ndinaona kamutu ka phini, mnofu wozungulira utada bii, mafinya akutuluka.

"Inalowa liti imeneyi?" anamwino anamufunsa.

"Chiyani?" anafunsa, maso akadali otsinzina.

Phazi limenelo ndi limene limapalasa makina, ana ake amadyera pomwepo.

"Adula?" ndinafunsa.

"Mayi, sindinganame. Aone adokotala, pompano."

Mlongo wanga anayamba kufufuza nsapato ndi dzanja. "Ndikangomaliza diresi lija ndibwera."

Nsapatoyo ndinaitola ine, ndikuiponya m'chikwama changa. "Mkwatibwi avala lina. Iwe phazi lina ukaligula kuti? Nyamuka!"

Anamugoneka m'chipatala. Anachotsa mnofu wowola, dzenje loti chala chitha kulowa, koma phazi analisiya. Diresi anasoka wina. Masiku ano pa phunziro amakhala benchi yakutsogolo, kagalasi koonera kuphazi kali m'thumba, ngakhale kudandaula sanasiye.

Inu a shuga amene mukuwerenga izi, musadikire kuti wina akulandeni nsapato. Fikani phunziro lisanayambe, vulani, ndipo ngati simunamve kawaya, nenani kuti simunamve.