Masiku Atatu a Wailesi

A Metroni ankafufuta dzina lachitatu pa ndandanda ya ntchito pamene Wailesi anagogoda. Dzinali anamupatsa ndi odwala, chifukwa namwino ameneyu ankalongolola kuyambira pachipata mpaka poweruka. Koma chiyambireni mliri, mawu ake ankangochepera.

"Mayi, ndimapempha masiku atatu okha oti ndipume."

"Ukutsokomola?"

"Ayi. Kungoti ndikafika kunyumba ndimamvabe anthu akubanika. Dzulo ndinamenya mwana wanga chifukwa anandikumbatira ndisanasambe."

A Metroni anayang'ana pepala lija. Mabedi makumi anayi, anamwino otsala asanu. Ena awiri anali atagonekedwa m'wodi momwemo, wina anamuika m'manda Lolemba. Mtima unkati amulole. Nanga akamulola, mawa ena anayiwo adzawakaniza bwanji? Mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Tonse tatopa, mwana wanga. Limba mtima. Mliri ukatha udzagona mwezi wathunthu."

"Chabwino, mayi."

Lachinayi masana mayi wokolopa analowa mu ofesi osaodira.

"Bwerani mudzaone pa bedi la kuzenera. Ine ndalephera."

Mkulu wa pabedipo anali atamwalira m'mawa, ankangodikira anthu a kumotchale. Wailesi anali atamuvundukula nsalu, atamubwezera masiki a mpweya, akumupukuta pachipumi ndi thaulo lonyowa. Ndipo ankalongolola ngati kale.

"Bambo, lero ndiye mwagona! Akazi anu aimba kawiri, ndawauza kuti mutuluka Loweruka. Musandichititse manyazi."

Pa bedi loyandikana mayi wina ankapuma mobanika, maso ali pa silinda imene inkathera mpweya pa mtembo.

A Metroni anasamutsa silindayo ndi manja awo. Wailesi anawagwira dzanja mwamphamvu.

"Ameneyu ayi, mayi. Ndawerenga ondifera m'manja, akhala wa makumi asanu ndi limodzi. Ameneyu ayi."

Kenako anakhala pansi pa simenti, nayamba kuvula magolovesi chala chimodzichimodzi. Sanalire.

Mwamuna wake anadzamutenga pachipata, poti achibale sankaloledwa kulowa. Atamukhazika m'galimoto anatembenukira a Metroni, amene anali atamuperekeza mpaka pachipatapo.

"Papita milungu iwiri asakugona. Anati adzakuuzani. Sanakuuzeni?"

A Metroni anathokoza mumtima kuti masiki anawaphimba pakamwa.

"Mukamusamalire," anatero.

Pobwerera anakumana ndi namwino wamng'ono pa onse, amene anali asanakwanitse chaka pa ntchito, akukankha thirole ya mankhwala. Mabotolo ankagundana ngakhale pansi panali posalala. A Metroni anaima.

"Nanga iwe uli bwanji?"

"Ndili bwino, mayi."

Anayankha msanga kwambiri. Maso ake anali psuu. A Metroni anaona zonsezo, anaziona bwinobwino.

"Mabedi a kuzenera akhala ako," anatero motsitsa mawu.

Mtsikanayo anagwedeza mutu movomera, nakhotetsa thirole ija kulowera kuzenera.