Tsiku limene a Jaji sanatsutsidwe

Mu shopu yometera tsitsi ya pakona munali lamulo limodzi lokha: mkangano wa sewero lija ukabuka, foni ikhale m'thumba. Sewerolo linali la pa TV, la chombo cha m'mlengalenga chimene chinasochera pakati pa nyenyezi n'kumafunafuna njira yobwerera kwawo. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ankakangana za chombocho ngati anakwerapo. Zikafika povuta, ankatembenukira kwa mkulu wina wopuma pantchito amene ankakhala pafupi ndi galasi. Ankawatcha a Jaji.

A Jaji sankaiwala kanthu. Koma musaganize kuti akagamula anthu ankakhala chete. Ayi ndithu, phokoso lenileni linkayambira pomwepo, ometa akuloza ndi chipeso, telala wa khomo loyandikana akuwaza malovu, a Jaji akuseka mpaka kutsokomola. Ankabwerera kunyumba mawu atasasa, koma akuyenda ngati mnyamata.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagulitsa mankhwala pa famase, sewerolo analibe nalo ntchito. Komabe chiyambire pamene bambo ake anayamba kuika makiyi mufiriji ndi kumuitana dzina la malemu mayi ake, iye ndi amene ankawaperekeza kushopuko. Adokotala anali atanena zawo, zosalimbitsa mtima. Iye anangogwiritsa chinthu chimodzi: bola kwa ometa kuja bambo akadali a Jaji. Kunyumba ankasochera pakati pa chipinda ndi bafa, koma m'chombo muja ankadziwa khomo lililonse.

Loweruka lina anapeza mkangano utapsa kale. Gawo latsopano linali litaonetsa mchimwene wake wa kaputeni ali moyo m'chombomo, akumwa tiyi, chonsecho munthuyo anatsala kalekale pa dziko la madzi oundana. Ometa ankati olemba aiwala nkhani yawo yomwe, ndipo awononga mutu wonse wa sewero, woti munthu zikamuthina amataya ngakhale m'bale wake. Telala ankati ometa amaonera ndi diso limodzi. Kaputeni sanataye munthu, mchimweneyo anatseka yekha chitseko ali kunja kuti anzake apulumuke, ndipo nkhani yonse ndi ya kudzipereka. Kasitomala anangokhala ndi mutu wometedwa mbali imodzi osadandaula, poti nayenso anali ndi mbali yake.

"A Jaji afika," anatero ometa. "Tiuzeni bwana, chitseko chija anatseka ndani?"

Mwana uja anatembenukira kwa bambo ake. Yankho ankalidziwa ngakhale iye, poti analimva kambirimbiri patebulo kunyumba. Bambo ake nthawi zonse ankaima ndi telala, n'kuwonjezera kuti mchimweneyo anatseka ndi dzanja lamanzere chifukwa lamanja linali litapsa. Analakalaka kuwanong'oneza, koma zikanakhala ngati kuwavula pagulu.

A Jaji anayang'ana pagalasi nthawi yaitali. Kenako ananena mwachifatse kuti palibe anatsala kunja. Onse anakwera, chombo chinafika kwawo, ndipo mayi awo anawachingamira pakhomo.

Chombocho sichinafikepo kwawo. Sewero lonse lagona pamenepo, ndipo aliyense m'shopumo ankadziwa. Mwana uja anayang'ana telala, amene sankalola bodza la sewero kudutsa ngakhale litachokera kwa abusa. Mumtima ankamupempha kuti adzuke, akalipe, awaze malovu aja monga mwa masiku onse.

Telala anayang'ana tepi yoyezera imene inali m'khosi mwake, n'kunena kuti a Jaji akunena zoona, iye ndi amene anasokoneza. Ometa anavomereza msangamsanga, nati n'chifukwa chake mchimweneyo akumwa tiyi, ndipo anayatsa makina kumalizitsa mutu wa kasitomala. Wina anawasendezera mkuluyo mtsamiro kumsana. Anthu abwino amenewa ankachita zimenezi chifukwa cha chifundo, ndipo mwana uja anakwiya nawo koopsa, koma analibe mawu owadzudzulira. Munthu ungamuuze bwanji kuti chonde, kanganani ndi bambo anga?

Makina ankalira, tsitsi likugwera pansi. A Jaji anadikira. Anali atawongola kale msana, chala chili m'mwamba, kukonzekera kubweza mawu kwa woyamba kuwatsutsa. Anayang'ana ometa, anayang'ana telala, chala chija n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pabondo.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, atamugwira mkono. "Anthuwa lero atani? Bwanji sakunditsutsa?"

"Mwawagonjetsa, bambo."

A Jaji anapukusa mutu. Maso awo anali akuthwa ngati kale, kwa kanthawi kochepa komweko, ndipo mwanayo anaona kuti amvetsa zonse.

"Ayi," anatero. "Anthu sakangana ndi wodwala. Tiye kunyumba."

Anawathandiza kudzuka. Pakhomo ometa anawakumbutsa kuti Loweruka likubwerali kuli gawo lina, mpando wawo uwadikira. A Jaji sanatembenuke. Atafika panja anaima, kuyang'ana kumanja ndi kumanzere kwa msewu umene anayendamo moyo wawo wonse, n'kudikira kuti mwana wawo awauze kolowera.